Kachilombo ka m'Kholowa

Amayi anagwa m'munda nthawi yopalira, khasu lili m'manja. Amene anawatola anati anawapeza atatsamira mzere, akuyang'ana ndithu koma pakamwa patakhota, mawu osatuluka. Ine uthenga unandipeza pa Thambani, pakhonde la sitolo pamene ndinkasokera zovala. Ndinasiya diresi la mwini lili pansi pa singano n'kukwera kabaza.

Ku chipatala cha ku Boma anatiuza kuti ndi sitiroko. Anagonako kwa kanthawi, kenako tinabwerera nawo kumudzi dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa. Achimwene anga, amene amagwira ntchito ku Blantyre, anabwera kudzawaona n'kubwerera, poti ntchito ya eni sidikira munthu. Ife tinabadwa awiri basi. Choncho ndinanyamula makina anga ndi ana anga n'kukakhala kwa amayi, makinawo n'kuwaika pakhonde pawo kuti ndizisoka ndikuwaona.

Amayi sanali a kuno. Anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali kamtsikana, n'kukulira mumsasa wa othawa kwawo. Anzawo atayamba kubwerera, iwo anatsala chifukwa anali atakwatiwa ndi abambo, amene anamwalira ife tili aang'ono. Za kwawo sankakamba. Tikawafunsa ankangoti kwawo ndi kuno, kenako n'kutituma kanthu. Chichewa chawo chinali ngati cha wina aliyense m'mudzimo. Pokhapokha akapsa ndi moto, kapena mbuzi za eni zikawalowera m'munda, m'pamene mawu achilendo ankawapulumuka, ife n'kumaseka.

Matendawa anawalanda Chichewa chochuluka. Mawu ankabwera movutikira, limodzi limodzi, ndipo ambiri mwa amene ankabwerawo anali a chilankhulo cha kwawo chija, chimene ife sitinaphunzire. Ankafuna madzi ine n'kuwapatsa nsalu. Ankati ndiwatembenuze ine n'kuwapititsa kuchimbudzi. Zikafika potero ankangotseka maso, misozi n'kumatsikira m'makutu.

Tsiku lina masana ndikusoka, iwo ali pamphasa chapafupi, anandikoka chitenje ndi dzanja lamanzere. Anati akufuna kachilombo ka ndalama. Anabwereza kangapo, ndipo mawu amenewo ankatuluka bwinobwino kuposa ena onse. Ndinaganiza kuti akudandaula za ndalama, kuti mwina akuona ngati akutisaukitsa, ndiye ndinawauza kuti asade nkhawa, achimwene akutumiza. Anapukusa mutu mwaukali n'kutembenukira kukhoma. Mawa lake anayambanso.

Kutsidya kwa mtsinje kunali mayi ena achikulire amene nawonso anatsala kuno nkhondo itatha. Sanali a mudzi umodzi ndi amayi, anadziwana mumsasa, koma chilankhulo chinali chimodzi. Ife tinkangowatchula kuti amayi a kutsidya. Atabwera kudzazonda matenda ndinawafotokozera za vutoli. Anakhala pamphasa, anamvetsera, kenako anandiuza kuti kwawoko mawu oti ndalama satanthauza zogulira zinthu ayi, amatanthauza golide. Amayi ankafuna kachilombo kowala ngati golide. Anawafunsanso kuti akufuna akatani nako. Amayi anangotambasula dzanja ngati munthu wodikira kuti amuikire kanthu.

Ine tizilombo sindinkatidziwa. Kwa ine tonse tinali tizilombo basi, todya masamba, toyenera kuthira phulusa. Koma popeza kunalibe china chimene amayi anapemphapo chigwereni, ndinati ndiyese. M'mawa ndisanakhale pamakina ndinkadzera kudimba ndi kabokosi ka machesi.

Koyamba ndinakagwira pa nyemba. Chaka chimenecho tinali tambiri, tinaboola masamba mpaka anatsala ngati sefa. Kanali kakang'ono kuposa njere ya khobwe, mutu ndi khosi zofiirira ngati khoko la nachesi, mapiko akuda koma onyezimira ngati nsapato yopolisha, ndipo kumutu kanali ndi tinyanga tiwiri towonda ngati ulusi. Kugwira kwake kunali kovuta, chifukwa kakangomva tsamba likugwedezeka kankadzigwetsa pansi n'kukhala ngati kafa. Nditakaika m'dzanja la amayi, anakayang'ana kakuyenda kulowera ku chala chachikulu, kenako anakauzira kuti kachoke. Analoza miyendo yake n'kupukusa mutu. Zinanditengera nthawi kuti ndimve kuti kawoko miyendo sioneka.

Ana anga atamva zoti agogo awo akufuna kachilombo kowala, anabweretsa chikumbu chobiriwira chija amachimanga ulusi n'kumachiulutsa. Amayi anaseka, kuseka kwa mbali imodzi ya nkhope, koyamba chidwalireni. Anaonetsa ndi zala kuti n'chachikulu kwambiri. Kawoko sikaposa chikhadabo cha kachala kakang'ono.

Kenako ndinapeza kena pa nkhwani, kozungulira ngati nandolo woduka pakati, kofiirira ngati njerwa, ka madontho akuda. Aka anakasunga nthawi yaitali, mpaka ndinayesa ndi komweko. Koma anati ayi. Anandipempha mbale. Nditawapatsa anaivundikira pamphasa n'kuisisita, kusonyeza kuti kawoko n'kophwatalala chonchi, kokwera pang'ono pakati, ndipo mutu ndi miyendo zonse zimabisala kunsi monga amachitira kamba. Kenako anagwira chala changa n'kundionetsa nsonga ya chikhadabo, pamene pamadutsa kuwala, n'kuyendetsa chala chawo m'mphepete mwa mbale ija. Ndinamva kuti m'mbali mwake monse mumaonekera kuseri, golide ali pakati pokha.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyang'ana tizilombo ngati mmene ndimayang'anira chovala cha telala wina, kuona kuti wadula bwanji, msoko wadzera pati, kolala waika yotani. Ndinadziwa kuti tina timadumpha ngati utitiri chifukwa miyendo yakumbuyo ndi yonenepa, tina n'tatitali, tina tili ndi mizere kumsana, tina n'tofanana thupi lonse koma tosiyana mtundu wa khosi. Madzulo ndinkakhala pamphasa n'kumawafotokozera amayi zimene ndaona, iwo n'kumavomera kapena kukana ndi mutu. Chikhalireni sindinachezepo ndi amayi anga motalika ngati masiku amenewo. Kale ankakhala otanganidwa, inenso chimodzimodzi, ndipo nkhani zathu zinkathera pa mchere, sopo ndi ana. Koma kachilombo ka mbale yovundikira sindinakaone, moti ndinayamba kuganiza kuti mwina ndi matenda amene akuwaonetsa zinthu zoti kulibe.

Amene anandithandiza ndi alangizi a zaulimi a dera lathu, mayi wa njinga yamoto, amene anabwera ndi siketi yoti ndiwachepetsere. Ndikuwayeza m'chiuno ndinawafunsa, mwamanyazi ndithu, ngati kuli kachilombo kotere ndi kotere. Sanaseke. Anandifunsa ngati mutu umaoneka ukakayang'ana chapamwamba, ndiponso ngati m'mphepetimo ndi mopyapyala ngati chipewa. Nditavomera, anati timeneto timakhala kunsi kwa masamba a mbatata, timadya kholowa n'kusiya timabowo tozungulira ngati tobooledwa ndi msomali. Anati tilipo ta mitundu ingapo, tina tobiriwira, tina ta madontho, tina towala ngati golide, koma towalato sitipezeka wambawamba. Anafufuza pafoni yawo n'kupeza chithunzi, kenako anagwada pamphasa n'kuwaonetsa amayi.

Amayi anayang'ana foniyo osaphethira. Kenako anatambasula zala ziwiri n'kuyesa kukatola kachilomboko pagalasi. Anayesa, anayesanso. Zitakanika anayamba kulira, osati misozi yachete ija ndinaizolowera, koma kulira kotulutsa mawu ngati mwana. Alangizi aja anasokonezeka, anapepesa, anaiwala ndi siketi yomwe.

Mawa lake ndinakaitana amayi a kutsidya. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, tsiku lonse, amayi akutchula mawu awiri atatu, anzawowo akulumikiza n'kumandiuza m'Chichewa. Amayi anali ndi mng'ono wawo wamkazi. Ine ndinali ndisanamvepo zimenezo, achimwene chimodzimodzi, ngakhale amayi a kutsidyawo anati aka n'koyamba. Anali kamwana kongoguluka kumene mano. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mizere ya mbatata, ndipo ana awiriwa ankakonda kutembenuza masamba kufuna tizilombo ta golide. Akatipeza ankatiika pamakutu ngati ndolo, n'kumayenda monyada mpaka titauluka.

M'mawa wa tsiku limene nkhondo inafika m'mudzi mwawo, awiriwa anali m'mbatatamo pamodzi ndi mayi awo, amene ankathyola kholowa. Amayi anatumidwa kukatunga madzi. Sanafune kupita chifukwa anali asanapeze kawo, ndiye mng'ono wawoyo anawauza kuti apite, iye akapeza awasungira kamodzi. Ali kuchitsime mfuti zinayamba kulira kumudzi. Azimayi amene anali pachitsimepo anataya ndowa n'kuthawira kuthengo, ndipo mmodzi anawakoka dzanja amayi. Anayenda mpaka anapezeka ali m'Malawi. Mumsasa ankafunsa aliyense wobwera kumene, koma panalibe amene anaona mayi awo kapena mwanayo. Mtendere utabwera anapitako kamodzi, ine ndili kumsana. Anapeza pamudzipo pamera tchire, ndipo anthu amene ankamanga chapafupi anali achilendo.

Amayi a kutsidya anamaliza kumasulira. Kenako anati aliyense wa iwo ali ndi yake yoteroyo, kungoti ena amafa nayo. Ine ndinafunsa dzina la mwanayo. Amayi anatsegula pakamwa, koma dzinalo silinatuluke. Anayesa mpaka thukuta. Sindikudziwa ngati matenda anawalanda dzinalo kapena linali m'mutu koma lilime linakana. Sindinawafunsenso.

Ndinayamba ndi mbatata yathu. Timabowo tozungulira tinalipo, koma eni ake osaoneka. Ndinatembenuza masamba mzere ndi mzere mpaka msana kuwawa. Nditamaliza yathu ndinapita m'minda ya anthu. Ena ankandilola, akuseka. Bambo ena anandipeza nditawerama m'mbatata mwawo m'mamawa, kabokosi kali m'manja, ndipo anandifunsa mwaukali chimene ndikukwirira m'munda mwawo. Nditawafotokozera sanakhulupirire. Posakhalitsa m'mudzi munamveka zoti ndikufuna zizimba zochizira amayi, ena n'kumati zokokera makasitomala. Mayi wina anabwera kudzatenga nsalu yake isanasokedwe. Sizinandipweteke kwenikweni, mutu wanga unali kwina.

Ndinapezako kobiriwira. Kanali kophwatalala ndithu, mutu wobisika, katamatirira kutsamba moti poyamba ndinayesa ndi chilema cha tsambalo. Ndinathyola tsamba lonse n'kuthamanga nalo. Amayi anakayang'ana mwachifundo, anagwedeza mutu kusonyeza kuti ndayandikira, kenako anatchula mawu amodzi amene ndinawamva bwino. Anati, "Msuweni wake." Tinaseka tonse awiri, ndipo ndinakabweza kumunda.

Mvula ili pafupi kutha, amayi anayamba chifuwa. Kumeza kunkawavuta chidwalireni, phala linkawatsamwa. Thupi litatentha kwambiri tinapita nawo pa Thambani, ndipo kumeneko anatitumiza ku Boma. Anati ndi chibayo. Ndinakhala nawo m'chipatala, ndikugona pansi pambali pa bedi lawo, mpaka alamu anga, akazi a achimwene, anabwera kuchokera ku Blantyre kudzandipumitsa kuti ndikaone ana ndi kutenga ufa.

Ndinafika kumudzi masana. Chakumadzulo ndinatsikira kumtsinje kukachapa nsalu za amayi. Pafupi ndi pochapira pali dimba lina losiyidwa, pamene mbatata yakale inangoyanga yokha m'udzu. Sindinapite kukafuna kanthu. Ndinkayanika nsalu pa udzupo pamene ndinaona timabowo tija, ndipo dzanja linangotembenuza tsamba mwachizolowezi.

Kanali pamenepo. Poyamba ndinayesa dontho la madzi limene lagwira dzuwa. Kanali kozungulira, kocheperapo kuposa chikhadabo changa chaching'ono, ndipo m'mphepete monse munali moonekera moti mitsempha ya tsamba inkaoneka kudzera momwemo. Pakati pake panali golide weniweni, osati chikasu, golide wonga wa mphete yatsopano, ndipo tsamba likapendekeka kuwalako kunkayenda. Pamapewa panali timadontho takuda tofika m'mphepete, ngati timakutu. Mutu sunkaoneka. Nditakhala phee kwa kanthawi, tinyanga tiwiri tinatuluka kunsi kwa chipewacho, kenako timapazi, n'kuyamba kuyenda ngati kambale kakuyenda kokha. Zonse zimene amayi anandionetsa ndi mbale ndi chikhadabo zinali momwemo, osaphonya ndi chimodzi chomwe. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowawo n'kulira, ndikuganiza za kamwana kaja kataika zimenezi pamakutu.

Ndinakaika m'kabokosi ka machesi pamodzi ndi kachidutswa ka tsamba. Galimoto zopita ku Boma zinali zitatha tsiku limenelo. M'mawa ndinasuzumira, kanali kamoyo, kakuwala. Koma usikuwo kunali kutagwa mvula yamphamvu, yotsanzika, ndipo msewu unaterera. Pikapu imene ndinakwera inatitimira pokwera phiri, tinatsika, amuna anakankha, kenako inawonongeka chitsulo china kunsi. Tinakhala pamsewu dzuwa likuswa mtengo, kudikira makaniko. Kabokosiko ndinakamanga pansonga ya chitenje. Ndinkaopa kutsegula kuti kangauluke. Tsikulo linathera panjira, tinagona pakhomo la anthu achifundo, ndipo ku Boma ndinafika mawa lake chakumasana.

Ndinapeza amayi ali maso, atawaika chubu cha mpweya m'mphuno. Alamu anati usiku wonse ankangoyang'ana kukhomo. Ndinagwada pambali pa bedi, ndinamasula chitenje, ndinawauza kuti ndakapeza. Nkhope yawo inasintha. Anatambasula dzanja.

Nditatsegula kabokosi, tsamba linali litafota, kachilombo katagona chagada, miyendo itapindika. Ndinakatembenuza ndi chikhadabo. Golide yense anali atachoka. Kanali kofiirira motuwa, ngati khoko la mtedza, m'mphepete muja mutachita chikasu ngati pulasitiki yakale. Sindinkadziwa kuti timeneti tikafa kuwala kumatha. Ndinakapukuta ndi chala, ndinakanyowetsa ndi malovu, ndinapita nako pawindo kuti mwina dzuwa likadzutsa, koma ayi.

Ndinakaikabe m'dzanja lawo. Anakayandikitsa kumaso, anakayang'ana nthawi yaitali, chala chachikulu chikuyenda m'mphepete mwake. Kenako anati, m'Chichewa chomveka bwino, "Si kameneka. Kaja kamawala."

Ndinawauza kuti dzulo kamawala, ndinalumbira, ndinafotokoza za dimba, za galimoto, za timadontho ta pamapewa. Ndinalankhula zambiri, mofulumira, mpaka odwala a pabedi loyandikana anatembenuka. Amayi anandisiya ndimalize. Kenako anaika kachilomboko pabulangete n'kugwira tsaya langa ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"Watopa, mwanangu," anatero. "Usiye."

Ndinaganiza zobwerera kumudzi kukafuna kena, ndikaike m'botolo loboola ndi masamba ambiri. Koma anamwino ananditengera pambali n'kundiuza kuti ndisapite patali, ndiponso kuti ndiwaimbire achimwene. Anafika tsiku lotsatira. Amayi anawazindikira, anawagwira dzanja, koma sanalankhulenso. Anamwalira patapita masiku ochepa, m'mawa, alamu akuwapukuta kumaso.

Kwathu kuno mkazi amakaikidwa kumudzi kwa amayi ake. Amayi analibe mudzi woti tiwapititse, choncho abale a abambo anavomera kuti agone pafupi ndi amuna awo. Pokonza mwambo panabuka funso loti ndani alankhule m'malo mwa akuchikazi, poti pamaliro mbali zonse ziwiri zimayenera kumveka. Anthu anayang'anana. Amayi a kutsidya anati ngati palibe choletsa aimirira iwo, chifukwa ngakhale si magazi amodzi, anadya nyemba za mumsasa limodzi. Panalibe anatsutsa.

Achimwene ndi amene anayenera kunena mbiri ya malemu. M'mawa wa tsiku loika anandiitanira kuseri kwa nyumba, maso ali psuu, n'kundifunsa kuti ayambira pati, popeza chaka chobadwa sitikuchidziwa, mudzi sitikuudziwa, ngakhale mayina a makolo awo sitikuwadziwa. Anati mwina angoyambira pa ukwati. Pamenepo m'pamene ndinawauza za mng'ono wa amayi, za chitsime ndi za mfuti. M'chipatala ndinalibe mpata. Anatsamira khoma n'kuphimba nkhope ndi chipewa, ndipo tinakhala choncho mpaka akumpingo anatumiza munthu kudzatiitana.

Ataimirira pamaso pa anthu anayambira ku Mozambiki. Anati malemuwa anabadwa awiri m'banja mwawo, onse aakazi, iwo ndiwo anali aakulu. Anati wamng'onoyo sitikudziwa ngati ali moyo, ndipo ngati alipo, lero ndi mayi wa imvi amene sakudziwa kuti mkulu wake akuikidwa kuno kwa Kanduku. Anapempha kuti ngati pagululo pali amene amayenda kutsidya la malire, azifunsako za banja limene linataya mtsikana pachitsime. Kumbali ya azimayi kunamveka kulira kwatsopano, makamaka kwa achikulire amene anabwera ndi nkhondo.

Anthu angapo anabwera pambuyo pake kudzatifunsa dera lenileni ndi dzina la mng'ono wa amayi, koma zonsezi sitinkazidziwa. Bambo wina woyendetsa thiraki analonjeza kuti azifunsa m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Tete. Anaimbapo foni kamodzi kunena kuti nkhani zotere kumeneko n'zambiri, pafupifupi khomo lililonse lili ndi wake amene sanabwerere. Titasesa, achimwene anabwerera ku Blantyre, amayi a kutsidya anatenga nsalu imodzi ya amayi monga mbale wawo, ndipo ine ndinakweza makina pangolo kubwerera pa Thambani, kumene mayunifolomu a ana a sukulu ankandidikira.